Kapemphedwe ka ndalama za kafukufuku wa zipatso, ndiwo zamasamba ndi mbande ku America

Boma la United States lili ndi thumba la ndalama lotchedwa Specialty Crop Research Initiative, mwachidule SCRI, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi la 2008. Limayendetsedwa ndi nthambi ya NIFA ya unduna wa zaulimi, USDA, ndipo lamulo la 2018 linaikamo madola 80 miliyoni pachaka. Amene amapempha kwambiri ndi mayunivesite ndi malo ochitira kafukufuku wa ulimi.

Choyamba, tsimikizani kuti mbewu yanu ikuwerengedwa. Zipatso, ndiwo zamasamba, mtedza wa m'mitengo monga amondi, maluwa ndi mbande za m'nazale zili momwemo. Mbatata ndi chimanga chotsekemera chodya chachiwisi zimalowa, koma chimanga wamba, soya, tirigu, thonje ndi mtedza wapansi ayi.

Kulembetsa bungwe lanu pa webusaiti ya boma ya SAM.gov kuti mulandire nambala yozindikiritsa bungwe, yotchedwa UEI, musakuzengereze. Kumatha kutenga milungu ingapo, kumafunika kukonzedwanso chaka chilichonse, ndipo popanda zimenezi Grants.gov, webusaiti yotumizirapo mapempho, sikulandirani.

Mapempho amakhala awiri, ndipo mayeso enieni ali pa pempho loyamba, lalifupi. Silimawerengedwa ndi asayansi anzanu ayi, koma ndi anthu a m'ntchitoyo: alimi, opakira zokolola, ogulitsa mbande. Funso lawo ndi limodzi, lakuti kodi vutoli likuwadyeradi ndalama kumunda? Okhawo amene akhutiritsa gulu limeneli ndi omwe amaitanidwa kulemba pempho lalikulu loti akatswiri aunike. Ofufuza ambiri amagwera pamenepa chifukwa amayamba ndi zimene labotale yawo imadziwa kuchita, alimi n'kuwafunafuna pamapeto kuti angosaina kalata. Makalata ofanana mawu onse, ongosiyana siginecha, amaonekeratu. Khalani pansi ndi alimi musanalembe chilichonse, ena muwaike mu komiti yolangiza, ndipo kalata iliyonse inene za munda wa mwini wake: ndi maekala angati, chimawononga n'chiyani, amapopera kangati pa nyengo. Mlimi wa malalanje ku Florida, komwe matenda a citrus greening anapezeka mu 2005, akafotokoza za zipatso zopotoka, zowawa, zoyoyoka zisanapse, mawu ake amalemera kuposa ndime khumi za wofufuza.

Nenani momveka gawo limene mukulowa mwa magawo asanu: kupanga mitundu yatsopano ya mbewu, tizirombo ndi matenda, kalimidwe ndi kasamalidwe ka zokolola, makina ndi luso latsopano, kapena kuteteza chakudya kuti chisadwalitse anthu. Mu bajeti muikemo ndalama za alangizi ndi masiku a chionetsero kumunda, chifukwa zotsatira zongothera m'magazini a sayansi sizimufika mlimi. Werenganinso chilengezo cha chaka chimenecho pa nkhani yothirapo ndalama zanu, poti lamulo lake lakhala likusintha.

Ngati ntchito ndi yaing'ono, yesani Specialty Crop Block Grant Program, yomwe imadzera ku dipatimenti ya zaulimi ya state (chigawo) yanu. Kumeneko pempho lopindulira kampani imodzi yokha limakanidwa, choncho onetsani alimi ena amene adzapindule ndi mmene uthengawo udzawapezere.