Momwe ndimapangira sewero la mawu opingasa ndi otsitsa la nkhani za mabuku

Lachisanu lililonse masana ndimatsalira ndi ana a Sitandade 6 a kalabu yowerenga kuno ku Bembeke. Mu Juni kukazizira, ana safuna kutulutsa manja m'majuzi, koma ndikangojambula timabokosi pa bolodi amayamba kulimbirana choko. Sewero limeneli, lolemba mayankho a mafunso m'timabokosi mopingasa ndi motsitsa, linayamba kutuluka m'nyuzipepala ku New York mu 1913, wolipanga anali Arthur Wynne, koma ife tinali kale ndi zilapi. Choncho funso lililonse ndimalipanga ngati chilapi.

Aphunzitsi anzanga, yambani ndi mayankho, mafunso abwere pambuyo. Sakani mawu a matanthauzo awiri, limodzi la m'buku, lina la kumunda kapena pakhomo. Chichewa chili nawo ambiri: tsamba, mutu, ndime, mzere, werenga.

Tengani kope la masamu, lija la timabokosi, ndi pensulo. Lembani TSAMBA mopingasa. Pa T tsitsani MUTU, T wakeyo akhale chilembo chachitatu. Pa M tsitsani NDIME. Mabokosi otsala muwadetse. Chilembo chilichonse chili ndi bokosi lake, ngakhale "ts" kapena "ch", ndipo mawu okhala ndi ng' ndimawasiya chifukwa kachizindikiro kaja kalibe pokhala.

Ntchito yeniyeni ili pa mafunso. Mukalemba kuti "mbali ya buku", mwana ayankha asanaganize n'komwe. Funso labwino limayamba lamupititsa mwana kudimba, kenako n'kumubweza ku buku. La NDIME ndinalemba chonchi: "Agogo amaimaliza ndi khasu, iwe umaimaliza ndi maso (5)." Ana a kuno amadziwa ndime ya mbatata ya kachewere asanadziwe ndime ya nkhani, ndiye anakhala chete kanthawi, mpaka mtsikana wina wa kumbuyo anafuula yankho ataimirira. Ine ndimalikonda kwambiri funso limeneli.

La TSAMBA: "Pa mtengo mbuzi imandidya, m'buku umanditembenuza (6)." La MUTU: "Ulibe tsitsi koma umakhala pamwamba pa nkhani (4)." La WERENGA: "Tero ndi ndalama, teronso ndi nyuzipepala (7)." Nambala ya kumapetoyo ndi kuchuluka kwa zilembo. Musaiwale kuiika, apo ayi wina alemba "masamba" pamene pafunika "tsamba", ndipo adzakhala kuti sanalakwe.

Funso lisaname. Mbali zonse ziwiri zikhale zoona, kuti yankho likatuluka aliyense avomereze. Ine ndimayamba ndayesa mafunso anga pa amayi a kunyumba madzulo tikuwotha moto, akakana, ndimalembanso.

Poyambira mawu asanu ndi atatu akwanira. Sabata yachitatu apatseni ana buku limene akuwerenga, asankhemo mawu okha, apange mafunso, gulu lina liyankhe. Pamenepo mudzawaona akubwerera pa tsamba lomwe anadumpha, kufunafuna mawu oti akole nawo anzawo.