Momwe mungaumitsire bwalo la lowe poika ngalande yokwirira pansi

Bwalo limene madzi amadikha masiku angapo mvula italeka limawononga zinthu zambiri. Kapinga amasanduka wachikasu chifukwa mizu yake imasowa mpweya, udzudzu umaswana m'zithaphwi, ndipo chinyezi chimakwera m'makoma a nyumba mpaka pulasitala kuyamba kugumuka. Ngalande yokwirira pansi, yomwe ndi paipi ya mabowo yoyalidwa pakati pa miyala, imathetsa vutoli, koma imagwira ntchito pokhapokha ngati madziwo ali ndi kopita ndiponso paipiyo yatsetsereka bwino. Zinthu ziwirizi muzitsimikize musanagwire khasu.

Yambani ndi kufufuza kumene madzi akuchokera, ndipo nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi pamene mvula ikugwa. Kawirikawiri gwero lalikulu limakhala denga. Mvula ya mamilimita 20 ikagwa padenga la masikweyamita 100 imatsitsa malita 2,000, choncho ngati madzi onsewo akuthera m'tsinde mwa khoma, kungowasonkhanitsa ndi kuwapititsa kutali ndi paipi yopanda mabowo kungathe kuumitsa bwalo popanda ntchito ina. Mukathana ndi denga, yesani dothi. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30 pamalo pamene pamanyowa kwambiri, ndipo mulidzaze madzi. Ngati madziwo akadalimo patatha maola 24, ndiye kuti dothilo ndi ladongo kapena latsindirika kwambiri, ndipo ngalande ikufunikadi. Koma dzenjelo likamadzaza lokha ndi madzi otumphuka pansi, zikutanthauza kuti madzi a m'nthaka ali pafupi, ndipo pamenepo ndi bwino kuitana katswiri wa zomangamanga musanawononge ndalama.

Kenako sankhani kotayira madzi. Kungakhale kumunsi kwa malo anu omwe, kapena m'ngalande ya mvula ya mumsewu ngati akuluakulu a dera lanu akuloleza, kapenanso m'dzenje lodzaza miyala limene madzi amalowerera m'nthaka pang'onopang'ono. Dzenje lotere likhale mamita osachepera 5 kuchokera pamaziko a nyumba, ndiponso litalikirane ndi chitsime komanso chimbudzi chokumba. Musalumikize paipiyi ku thanki ya zonyansa za m'chimbudzi, chifukwa mvula yamphamvu ikagwa thankiyo imasefukira. Musalozetsenso madzi kwa mnansi wanu, pakuti kutero ndi kungomusenzetsa vuto lanu, ndipo m'madera ambiri malamulo amaletsa.

Musanakumbe, dziwani mmene mwadutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi a pansi. Khomani zikhomo ndi kumanga chingwe kuyambira pamalo ponyowa mpaka kotayira.

Kutsetsereka ndiko kumene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amangoyeza ndi maso, pomwe maso amanyenga pabwalo looneka lathyathyathya. Pansi pa ngalande pazitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse, kutanthauza kuti ngalande yotalika mamita 20 ikhale yotsika ndi masentimita 20 kumapeto kwake poyerekeza ndi poyambira. Ngati mulibe levulo yayitali, paipi yopyapyala ya pulasitiki yoonekera m'kati ingakuthandizeni: mukaidzaza madzi, madziwo amaima pamlingo wofanana mbali zonse ziwiri, ndipo kuchokera pamlingo umenewo mungathe kuyeza kuya kwa ngalande pa chikhomo chilichonse. Yambani kukumba kumunsi n'kumakwera kumtunda kuti madzi azituluka okha pamene mukugwira ntchito. M'lifupi mwa ngalande mukhale masentimita pafupifupi 30, ndipo kuya kwake kukhale pakati pa 45 ndi 60. Pafupi ndi nyumba musakumbe mopitirira kuya kwa maziko.

Mukatha kukumba, yalani nsalu ya geotextile m'ngalande monse, ndipo musiye mbali zake zikulendewera kunja kuti mudzazipinde pamwamba. Nsaluyi imalola madzi kudutsa koma imatchinga dothi, ndipo popanda iyo matope amadzaza mipata ya miyala mpaka ngalande kutsekeka. Thirani miyala yoswa ya mamilimita pafupifupi 20, yotsukidwa bwino, mpaka ikwane masentimita 5 kapena kuposerapo pang'ono. Zidutswa za njerwa ndi miyala yafumbi musazigwiritse ntchito ngakhale zili pafupi, chifukwa fumbi lake ndi lomwe limatseka mabowo.

Pamwamba pa miyalayo gonekani paipi ya mamilimita 100 kapena 110, mabowo ake atayang'ana pansi. Ambiri amaganiza kuti mabowo ayenera kuyang'ana kumwamba, koma madzi a m'ngalande amayamba kudzaza pansi n'kumakwera, choncho mabowo a pansi amawalandira msanga. Poyambira paipi lumikizanipo kachidutswa koimirira kofika pamwamba pa nthaka, kokhala ndi chivindikiro, kuti muzidzatsukirapo, ndipo kotulukira madzi mangani sefa ya waya yoletsa makoswe ndi achule kulowa. Musanakwirire, thirani ndowa zingapo za madzi poyambirapo kuti muone ngati onse akutulukira kumunsi. Akaima penapake, nyamulani paipi ndi kukonza pansi pake nthawi yomweyo, chifukwa mukakwirira kukonza kwake ndi kufukula zonse.

Madzi akayenda bwino, onjezerani miyala mpaka ipitirire paipi ndi masentimita 15 kapena 20, pindani nsalu mbali zake zisanjikizane, ndipo mumalize ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi mchenga. Dongo lomwe munafukula musalibwezeremo, pakuti lingatseke njira ya madzi ochokera pamwamba. Bwalo likakhala lalikulu, onjezerani ngalande zing'onozing'ono zolowa mopendekera m'ngalande yayikulu, ndipo zonse muzilambalalitse mitengo, chifukwa mizu imalondola chinyezi n'kulowa m'mabowo.

Dothi la pamwamba limatitimira mvula zoyamba zikagwa, ndiye mudzafunika kuwonjezera lina. Kamodzi pachaka, nyengo ya mvula isanayambe, tsegulani chivindikiro chija, thiranimo madzi ambiri, ndipo muchotse masamba ndi matope kotulukira.