Mmene mungasamalire m'bale amene anamuika kachubu kotsegula kholingo

Munthu akakhala masiku ambiri pa makina othandiza kupuma, paipi imene anamulowetsa kukhosi imatha kusiya bala mkati mwa kholingo. Balalo likamapola chipsera chimakokana, njira ya mpweya n'kuchepa. Pakapita milungu ingapo chitulukireni m'chipatala amayamba kubanika, ndipo akamakoka mpweya pamamveka kamluzu. Ena amangolandira mankhwala a mphumu osaona kusintha. Chifuwa chachikulu, kuvulala pakhosi ndi zotupa zimabweretsanso vutoli. Ngati kudula mbali yowonongekayo n'kulumikiza sikungatheke, madokotala amaika kachubu kochirikiza njirayo, kamene amati stent.

Ndine namwino kuno ku Kasungu. Kuika kachubuka ndi ntchito ya akatswiri a makutu, mphuno ndi mmero; ine ndikulankhula ndi inu agadiyani amene mwabwera naye kunyumba.

Musanachoke kuchipatala, adokotala alembe m'kabuku mtundu wa kachubuko, kukula kwake ndi tsiku limene anakaika. Kena kamakhala mkati konse osaoneka. Kena, kamene anakonza William Montgomery ku Boston m'zaka za m'ma 1960, n'kofewa ndipo kamaoneka ngati chilembo T: nthambi ina imaloza kumwamba, ina kuchifuwa, yachitatu imatulukira pabowo kutsogolo kwa khosi. Kameneka kalibe kachubu kamkati kosolola n'kutsuka, komanso sikalumikizika mwachindunji ndi chikwama chopopera mpweya. Wa chipatala chaching'ono amene sanakaonepo ayenera kuwerenga zimenezi.

Mdani wamkulu ndi makhololo ouma. Mkati mwa njira ya mpweya muli tiubweya tosaoneka ndi maso timene timakankhira makhololo kumwamba. Kachubu kamatiphimba, ndiye makhololo amakakamira, kuuma, n'kutseka njira. N'chifukwa chake, ngati kachubu ndi ka T, nthambi yakunja ija izikhala yotseka ndi kachotsekera kake usana ndi usiku, pokhapokha adokotala atanena zina. Ikakhala yotseka, mpweya umadutsa m'mphuno n'kufika wofunda ndi wa chinyezi, munthu n'kumayankhula bwinobwino. Achibale ambiri amatsegula poganiza kuti akumuthandiza kupuma. Chifundo chawo ndimachimvetsa, koma mu October, fumbi lili kobo, bowo losiyidwa pululu limaumitsa makhololo msanga kwambiri.

Kawiri kapena katatu pa tsiku afukize ndi madzi a mchere a kuchipatala, aja olembedwa 0.9%, pa makina ofukizira. Magetsi akathima, nthunzi ya madzi otentha m'beseni imathandizako, bola beseni likhale pansi pokhazikika kuti asapse. Osathiramo bulugama kapena mafuta onunkhira. Madzi a mchere osungunula nokha kunyumba asalowe m'kachubu. Azimwanso madzi ambiri.

Poyamwa makhololo ndi makina oyamwira, sambani m'manja ndi sopo, chotsani chotsekera, donthezani madzi a mchere aja mlingo umene anakuonetsani, mumulole atsokomole. Kuti kapaipi koyamwira kalowe kunsi, pendeketsani nthambi yakunjayo m'mwamba pang'ono. Kuti kakwere kumtunda, ipendeketseni pansi. Apa mpamene ambiri amaiwala, n'kumayeretsa kunsi kokha. Musapitirire masekondi 10 nthawi imodzi, apume kaye. Kapaipi kakakana kulowa musakakamize. Mukatha pukutani khungu lozungulira bowo ndi gozi, osati thonje losiya ulusi, n'kubwezera chotsekera. Ngati n'kotheka pezani choyamwira chopopa ndi dzanja kapena phazi, chosadalira magetsi.

Kwathu kuno n'kwa fodya, ndiye ndinene poyera: asalowe m'chigafa nthawi yosankha fodya, asayandikire balani yofuka utsi, ndipo kusuta kutheretu. Asakhale m'khitchini ya nkhuni, ndipo mbaula isagone m'chipinda chake ngakhale kuzizire bwanji mu June. Pa kabaza avale kansalu kopyapyala pakhosi. Posamba madzi asalowe pabowo. Zosambira kudamu ayi.

Kamluzu kaja kakabwerera, mawu akasintha, akamatsokomola magazi, makhololo akamanunkha ndi kutentha thupi, kapena kachubu kakaoneka kuti kasuntha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Nthawi zina kumapeto kwa kachubu kumamera timinofu totseka njira, ndipo kamera yokha ndi imene ingatione. Choncho tsiku lokaonana ndi akatswiri, kaya ku Kamuzu Central ku Lilongwe kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, musalidumphe chifukwa choti akupeza bwino. Ndalama ya thiransipoti yambani kusunga akangokuuzani tsikulo.

Akabanika mwadzidzidzi, milomo n'kuyamba kuda, mukhazikeni tsonga, chotsani chotsekera, donthezani madzi a mchere, yamwani kunsi ndi kumtunda. Wina akhale akuitana galimoto nthawi yomweyo, osadikira kuona ngati zisinthe. Musazule kachubuko nokha pokhapokha adokotala anakuphunzitsani kutero. Nambala ya woyendetsa galimoto wapafupi ikhale m'foni ya aliyense pakhomopo, ndipo kabuku, madzi a mchere ndi choyamwira zizikhala m'chikwama chimodzi pafupi ndi chitseko.