Kutsata kakulidwe ka mwana ndi kuzindikira msanga pamene akuchedwa

Kholo likapita ndi mwana ku sikelo, chimene limatchera khutu kwambiri ndi makilogalamu, ndipo mzere wa m'kabuku ukakwera limabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Kulemera kwa mwana n'kofunika ndithu, koma sikelo siyeza ngati mwanayo akumva, ngati maso ake akutsata nkhope ya mayi ake, kapena ngati dzanja lake lamanzere likugwira ntchito mofanana ndi lamanja. Zimenezi amaziona ndi munthu amene amakhala naye tsiku lonse, amene amamusambitsa, kumuyamwitsa ndi kumugoneka. N'chifukwa chake ndimalangiza kholo lililonse kuti likhale ndi kope laling'ono, kapena malo amodzi m'foni, lizilembamo tsiku limene mwana wachita chinthu chatsopano koyamba.

Kulemba kumathandiza chifukwa mutu umaiwala. Mwana akafika zaka 2, dokotala n'kufunsa kuti anayamba liti kukhala yekha, mayi ndi bambo amangoyang'anana, wina akuti miyezi 6, wina akuti miyezi 10, pamene kwa dokotalayo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Lembani mwachidule tsiku ndi chimene mwaona ndi maso anu, monga kuti lero wagubuduka yekha kuchoka chafufumimba kupita chagada, kapena kuti watembenuka atamva dzina lake. Musalembe zimene mukuganiza kuti angathe, lembani zimene wachitadi. Ngati pali khalidwe lina limene likukudetsani nkhawa, lijambuleni kavidiyo kakafupi pa foni, pakuti mwana akafika m'chipinda cha dokotala nthawi zambiri amangolira kapena kugona, osachita chimene munabwera kudzaonetsa.

Musanayambe kuyerekeza mwana wanu ndi wa mnzanu, dziwani kuti ana athanzi amasiyana kwambiri nthawi yoyambira zinthu. Mu 2006 bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anatsata ana athanzi a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Anapeza kuti pafupifupi ana onse amayamba kukhala okha osawagwira pakati pa miyezi 4 ndi miyezi 9, amaimirira okha pakati pa miyezi 7 ndi miyezi 17, ndipo amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi miyezi 18. Choncho mwana amene wayenda pa miyezi 10 ndi amene wayenda pa miyezi 16 onse ali bwino, ndipo wofulumirayo sikuti ndiye adzakhale wanzeru kuposa mnzake. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti ana pafupifupi 4 mwa ana 100 aliwonse sakwawa n'komwe ndi manja ndi mawondo. Ena amadzikhwekhwereza ndi matako, kenako amangoimirira n'kuyamba kuyenda. Chimene kholo liyenera kusunga m'mutu ndi malire akumapeto: mwana amene sakukhala yekha pa miyezi 9, kapena amene sakuyenda pa miyezi 18, ayenera kukaonedwa ndi achipatala, ngakhale akuoneka wonenepa ndi wosangalala.

Kwa mwana amene anabadwa masiku asanakwane, kutanthauza asanathe masabata 37 m'mimba, kawerengedwe kamasintha. Ngati anabadwa miyezi 2 nthawi isanakwane, ndiye kuti akakwanitsa miyezi 6 muzimuyembekezera kuchita za mwana wa miyezi 4. Muzichotsera chonchi mpaka atakwanitsa zaka 2.

M'miyezi yoyambirira, yang'anani nkhope ndi khosi. Khanda likafika pafupifupi miyezi 2 limamwetulira mukalilankhula, ndipo kumwetulira kumeneku n'kosiyana ndi kuja limachita lili m'tulo, chifukwa apa limakuyang'anani m'maso kenako nkhope yonse imawala. Likafika miyezi 3 lisanatero, nenani ku chipatala. Pofika miyezi 4 khosi limakhala litalimba moti mukalinyamula mutu sugwera kumbuyo. Onaninso mmene thupi lake likumvekera m'manja mwanu: mwana wolobodoka ngati nsanza, kapena wouma gwa moti mumavutika kumupinda miyendo pomuveka thewera, akufunika kupimidwa. Pa za maso, zilipo ziwiri zimene siziyenera kudikira. Choyamba ndi kuyera pakati pa diso, kumene nthawi zina kumaonekera pa chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa kamera, chifukwa kungakhale ng'ala kapena khansa ya m'diso. Chachiwiri ndi diso limene likupitiriza kuyang'ana kumbali mwana atapitirira miyezi 6.

Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, manja ndiwo amanena zambiri. Mwana amatambasula dzanja kuti atenge chinthu, amachisamutsa kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, ndipo chaka chikamayandikira amatola kanthu kakang'ono ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Yesani kubisa chidole chake pansi pa kansalu iye akuona. Mwana wa miyezi 5 amangoiwala, ngati kuti chidolecho chatha, koma wa miyezi 9 kapena 10 amasuzumira, kukoka kansaluko n'kuseka atachipeza, ndipo apa mwaona ndi maso anu kuti ubongo wake wayamba kusunga chinthu chimene sichikuoneka. Pali chinthu china chimene makolo amachiyamikira pamene chikanayenera kuwadzidzimutsa, ndicho khanda losakwana chaka limene limagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo lili chofumbata. Pa msinkhu umenewu mwana sanasankhe kukhala wamanzere kapena wamanja, choncho kukondera dzanja limodzi kungasonyeze kuti mbali inayo ndi yofooka, monga zimakhalira ndi vuto la cerebral palsy, limene limabwera ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa kapena ali wakhanda. Mafizo akayambika msanga, mwana wotere amaphunzira kugwiritsa ntchito mbali yofookayo bwino kwambiri kusiyana ndi amene wayamba ali ndi zaka 4.

Pa kulankhula ndi pamene ndaona makolo ambiri akutaya nthawi, ndipo nthawi zambiri amatero chifukwa cha mawu otonthoza a achibale, akuti anyamata amachedwa, kapena akuti bambo ake nawonso anachedwa kulankhula. Mawu amenewa amanenedwa ndi mtima wabwino, ndipo n'zoona kuti ana ena ochedwa amadzafika pa anzawo okha, koma palibe amene angadziwe pongoyang'ana kuti mwana uyu ali m'gulu liti. Mwana amayamba ndi kutulutsa timawu ta kukhosi, kenako pofika miyezi 9 amabwereza mawu monga ba-ba-ba ndi ma-ma-ma. Chaka chikakwana amatha kukweza dzanja potsazika ndipo amamva mukamuletsa. Pa miyezi 18 amayesa kutchula mawu angapo kuwonjezera pa amama ndi ababa, ndipo pa zaka 2 amalumikiza mawu awiri, monga "amama bwerani". Mu 2022 bungwe la CDC, loona za kupewa matenda ku United States, linakonzanso mndandanda wake wa zizindikirozi kuti pa msinkhu uliwonse pazilembedwa zimene ana osachepera 75 mwa 100 aliwonse amakhala atayamba kuchita, cholinga chake chinali chakuti mwana akaphonya chizindikiro, makolo ndi madokotala asamangoti tiyeni tidikire. Kumva zilankhulo ziwiri pakhomo sikuchedwetsa mwana kulankhula. Powerenga mawu amene akudziwa, phatikizani a m'zilankhulo zonse ziwiri.

Mwana aliyense wochedwa kulankhula ayenera kuyezedwa makutu poyamba. Mwana wosamva amapusitsa makolo mosavuta, chifukwa maso ake amakhala akuthwa: amaona chithunzithunzi chanu pakhoma, amamva kugwedera kwa pansi mukamayenda, n'kutembenuka ngati kuti wamva. Ngakhale khanda losamva n'komwe limatulutsa timawu m'miyezi yoyamba, kenako limayamba kukhala chete pamene anzake akuyamba ba-ba-ba. Kunyumba mungayese kumuitana muli kumbuyo kwake, pamene sakukuonani, ndi mawu apansipansi, mbali imodzi kenako mbali ina, koma kuyesa kotereku sikulowa m'malo mwa makina a kuchipatala. Khutu limene limatuluka mafinya kawirikawiri musalizolowere, chifukwa limachepetsa kumva pa nthawi yeniyeni imene mwana akuphunzira mawu.

Chizindikiro china chimene ndimafuna kholo lililonse lichidziwe ndi kuloza. Mwana wa miyezi 15 mpaka 18 akaona mbalame kapena galimoto amaloza ndi chala, kenako amatembenuka kuyang'ana nkhope yanu kuti aone ngati nanunso mwaiona. Sakupempha kanthu, akungofuna kuti muone pamodzi. Mwana amene salozako, sayang'ana anthu m'maso, satembenuka mukamutchula dzina ngakhale makutu ake ali bwino, ndipo amabwereza chinthu chimodzimodzi kwa nthawi yaitali, angakhale ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limakhudza mmene mwana amalankhulira ndi kuchezera ndi anthu. Madokotala a ana a ku United States amalimbikitsa kupima autism pa miyezi 18 ndi 24, komanso kupima kakulidwe konse pa miyezi 9, 18 ndi 30, ndipo miyezi imeneyi ndi yabwino kuti nanunso muzikhala pansi n'kuwerenga kope lanu lija.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sichiyang'ana msinkhu. Mwana akasiya kuchita chimene ankachita kale, monga amene ankatchula mawu n'kusiya, kapena amene ankakhala yekha n'kuyamba kugwa, pitani naye ku chipatala sabata yomweyo. Koma pitani naye tsiku lomwelo mukaona akukomoka, akudzidzimuka mobwerezabwereza mutu ndi manja zikupindikira kutsogolo, kapena mutu ukukula mofulumira liwombo lili lotupa.

Ana ena amafunika kuwayang'anitsitsa kuposa anzawo: amene anabanika pobadwa, amene anabadwa ochepa thupi kwambiri, amene anadwala chikasu chachikulu m'masiku oyamba, amene anadwalapo matenda oumitsa khosi kapena malungo ofika ku ubongo, ndiponso onyentchera ndi ochepa magazi. Kusowa kwa ayodini m'thupi la mayi woyembekezera kumabwezanso nzeru za mwana m'mbuyo. Mukapita ku chipatala, fotokozani mbiri imeneyi ngakhale asanakufunseni, ndipo lankhulani mwachindunji, monga kuti mwana wanga ali ndi miyezi 19, sakuyenda, ndipo satchula liwu lililonse. Akakuuzani kuti mudikire, funsani kuti mudikire mpaka liti ndiponso kuti muziyang'ana chiyani, kenako lembani tsikulo ndipo likakwana mubwerere. Mayi ambiri amadziimba mlandu kapena kuimbidwa mlandu ndi apabanja mwana akachedwa, ndipo manyazi amenewa amawachititsa kubisa mwana m'nyumba. Nthawi zambiri palibe chimene mayiyo analakwa, ndipo bambo amene amaperekeza mkazi wake kukapimitsa mwana amamupeputsira katundu wolemera kwambiri.

Pamene mukudikira kuonana ndi dokotala, kapena ngakhale mwana alibe vuto lililonse, ntchito ya pakhomo isaime. Khanda likatulutsa mawu, liyankheni n'kudikira kuti libwezenso, ngati mmene mumachezera ndi munthu wamkulu. Tchulani zimene mukuchita pomusambitsa ndi pomuveka, muimbireni, ndipo muzitchula dzina la chilichonse chimene waloza. Malangizo a WHO a mu 2019 amanena kuti khanda limene silinayambe kuyenda kapena kukwawa lizigonekedwa chafufumimba lili maso kwa mphindi zosachepera 30 pa tsiku, mozigawa pang'onopang'ono, wamkulu akuliyang'anira, chifukwa zimenezi zimalimbitsa khosi ndi mapewa. Koma likafuna kugona tulo, ligonekeni chagada. Malangizo omwewo amati mwana wosakwana zaka 2 asamaonere TV kapena foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Foni imalankhula koma siyankha mwana akatulutsa mawu ake, choncho ngati mwaona kuti wanu wachedwa kulankhula, ichotseni m'manja mwake lero lomwe, mukhale naye pansi maso ndi maso, ndipo mulembe m'kope mawu alionse atsopano amene atchule m'masabata akubwerawa kuti mukawaonetse dokotala.