Antivenom ku Chigwa cha Shire: kusunga ndi kupereka kwake

Antivenom, mankhwala olimbana ndi ululu wa njoka, ndi ma antibody, mapuloteni amene thupi limapanga kuti agwire mdani.  Antivenom amachokera m'magazi a hatchi yobayidwa ululu pang'onopang'ono, n'chifukwa chake thupi la munthu nthawi zina limamukana.

Antivenom wamadzi amasungidwa mu firiji pa madigiri 2 mpaka 8. Kuno kutentha kwa Okutobala kumapitirira 40, ndiye magetsi akathima musamatsegule firiji pafupipafupi. Osamuumitsanso kukhala ayezi. Botolo likachita mbuu, puloteni yawonongeka, litayeni.

Wolumidwa ndi njoka m'munda wa nzimbe ku Nchalo kapena pa madzi osefukira ku Makhanga asayende pansi. M'vuleni mphete ndi zibangili, mangirirani mwendo ku thabwa kuti usagwedezeke, mum'kweze kabaza. Mphini, kuyamwa bala ndi kumanga chingwe cholimba sizichotsa ululu. Pa bala la mphiri chingwecho chimangofulumizitsa kuwola.

Si aliyense wolumidwa amafunika antivenom. Perekani ngati kutupa kukukwera msanga, zikope zikugwa, akulephera kumeza kapena kupuma, kapena magazi sakuundana. Za magazizi yesani motere: ikani 2 ml m'kabotolo kagalasi katsopano, kouma, dikirani mphindi 20 osakagwedeza, kenaka pendeketsani: akakhala akadali amadzimadzi, ndiye kuti sakuundana. Kapulasitiki kamanamiza. Werenganinso pepala la m'bokosi, poti antivenom wa njoka zambiri wa ku South Africa sagwira ululu wa njoka ya m'mitengo yotchedwa boomslang.

Musanayike diripi, kokeranitu m'jakisoni adrenaline, mankhwala obaya thupi likakana antivenom: 0.5 mg kwa wamkulu, 0.01 mg pa kilogalamu kwa mwana. Sakanizani antivenom ndi saline (madzi a diripi), yambani modontheza pang'ono mphindi 10 zoyamba, ndipo zikakhala bwino malizani mkati mwa ola limodzi. Musachoke pambali pa bedi. Zidzolo zoyabwa, kutsokomola, kubanika kapena kutsika kwa BP zikaoneka, imitsani diripi, bayani adrenaline pa ntchafu, ndipo akakhazikika pitirizani mwapang'onopang'ono. Kuyesa kadontho ka antivenom pakhungu n'kutaya nthawi, sikuneneratu kanthu.

Ambiri amalakwitsa pa ana. Mwana amalandira mabotolo ofanana ndi wamkulu, chifukwa mlingo umatsata ululu umene njoka yalowetsa, osati kulemera kwa wodwala. Chochepetsa ndi saline yekha.

Wolumidwa ndi mamba angafunike kumupumitsa ndi ambu bag (thumba lopopera mpweya) kwa maola ambiri, poti antivenom sadzutsa msanga minofu yomwe yalefuka kale. Aliyense wolandira antivenom akamatuluka m'chipatala, muuzeni abwerenso akamva malungo, kuphwanya m'mfundo ndi zidzolo patatha pafupifupi sabata. Ndi thupi likukana puloteni ya hatchi, ndipo mankhwala a prednisolone amathandiza.