Mmene ndinapeputsira chikwama chothawira ngozi

Kuno ku Mzuzu mvula ikalimbikira mu Epulo, ife okhala m'zigwa za ku Masasa sitigona tulo, poti nyumba sizichedwa kugwa monga zinachitikira mu 2016. Chikwama chothawira ndinali nacho, koma kulemera kwake munthu sukanakwera nacho chitunda.

Cholemetsa kwambiri chinali madzi. Lita imodzi ndi kilogalamu yathunthu, ndiye chigubu cha malita 5 ndinachichotsa n'kusiya botolo limodzi ndi kabotolo ka WaterGuard, mankhwala ophera tizilombo m'madzi akumwa. Kuno mitsinje siisowa, chovuta n'kupeza madzi oti umwe osadwala.

Bulangete ndilo linandiimitsa mutu. Likanyowa limalemera ngati mwala ndipo siliuma msanga, komabe kuzizira kwa kuno si kosewera nako. Ndinagula juzi yopepuka pa kaunjika, ndi pulasitiki yakuda yofolerera nyumba, mamita 3, yomwe usiku imakhala denga komanso mphasa. Chitenje chokha chinatsala chifukwa mayi a kunyumba anakakamira, ndipo sanalakwe: chimasefa madzi, kumanga bala, kuberekera mwana.

Ufa ndi poto zinatuluka. Ndani angasonkhe moto mvula ili pamsana? M'malo mwake ndinaikamo mtedza wokazinga, chiponde ndi mapaketi a Thanzi, mankhwala obwezeretsa madzi m'thupi. Chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala, machesi ndi katochi ndinazimanga m'majumbo awiri, n'kuziika m'thumba la pamwamba.