Kwa amene mwadzipereka kuwerenga Mawu pa Misa

Abale ndi alongo owerenga, musadikire Lamulungu m'mawa kuti muone koyamba mawu amene mukawerenge. Afunseni kwa akatekisiti sabata ikamayamba, ndipo mutsimikize kuti ndi a chaka choyenera, chifukwa mawu a Lamulungu amazungulira zaka 3: A, B ndi C, ndipo chaka chatsopano chimayamba ndi Adventi.

Kunyumba werengani mokweza, osati chamumtima. Pakamwa ndi pamene mumadziwira malo opunthwitsa: mayina ngati Melkizedeki, kapena ziganizo zitalizitali za Paulo Woyera zomwe zimatha mpweya musanafike pakati. Lembani ndimeyo papepala, muike kachizindikiro paliponse popumira. Ine ndimaona kuti ambiri timathamanga chifukwa cha mantha, koma agogo amene akhala kumbuyo kwenikweni mwina alibe mwayi wina womva Mawu sabata yonseyo.

Fikani msanga, muone ngati buku latsegulidwa patsamba lake, muyesenso maikolofoni anthu asanadzaze. Mukadwala kapena mukachokapo, uzani mnzanu nthawi ikadalipo, kuti asachite kukokedwa pakhomo la tchalitchi asanakonzeke.